Kodi vuto ndi ife ovota? Mmene malamulo athu amasefera aphungu ndi nduna

Mayi wina amene amaphunzitsa pasukulu ya pulayimale m'chigawo chapakati walemba kuti: "Ndaphunzitsa zaka 19. Kwathu kuno anthu odziwa bwino mavuto a dera ndi aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi anamwino, koma opambana pa uphungu amakhala amalonda ochokera m'tauni. Komanso boma likasintha, nduna zina zimakhala zomwe zija tinkaziona m'boma lakale. Kodi vuto ndi ife ovota? Nanga ine nditafuna kuima, ndiyambire pati?"

Mayi mphunzitsi, vuto siliyambira pa inu ovota. Pamene mukulandira pepala lovotera m'mawa wa tsiku lachisankho, anthu amene nkhope zawo zili papepalapo amakhala atasefedwa kale kangapo. Msodzi wa ku Nkhotakota amadziwa kuti nsomba zimene avuule zimadalira maso a ukonde wake. Ukonde wa maso aakulu sugwira usipa ngakhale nyanja itadzaza nawo. Malamulo oyendetsera dziko, malamulo achisankho komanso machitidwe a zipani ndiwo ukonde wathu, ndipo maso ake analukidwa mokomera anthu a mitundu iwiri: wandalama, ndi amene ali pafupi ndi mwini chipani.

Sizinali chonchi nthawi zonse. M'nthawi ya Kamuzu Banda aphunzitsi ambiri ankafika ku Nyumba ya Malamulo ku Zomba. Nawonso a John Tembo anali mphunzitsi asanalowe ndale. Nthawi imeneyo sipankafunika thumba lalikulu. Dziko litakhala la chipani chimodzi mu 1966, maina ankachokera kumaboma kudzera mu MCP, ndipo Kamuzu ndiye ankavomereza kapena kukana. Mu 1971 ndi 1976 anthu sanavote n'komwe chifukwa mpando uliwonse unali ndi munthu mmodzi. Mu 1978 anthu anayamba kupikisana m'kati mwa chipani chomwecho, koma ofuna uphungu ankayamba ayesedwa Chingerezi. Choncho ukonde wa nthawi ija unkagwira odziwa Chingerezi ndi omvera. Mtengo wake tonse tikuudziwa: nduna zimene zinatsutsana ndi Kamuzu mu 1964, monga a Chipembere, a Chiume ndi a Orton Chirwa, zinathera kuthawa kapena kundende, ndipo mu 1983 a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza. Sindikulakalaka nthawi imeneyo. Ndangofuna muone kuti anthu a Malawi ndi omwewo, koma malamulo akasintha, mtundu wa atsogoleri nawo umasintha.

Lero gawo 51 la malamulo oyendetsera dziko likuti wofuna uphungu akhale nzika, wa zaka 21 kapena kuposerapo, wolembetsa m'kaundula wa ovota, komanso wotha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Papepala inu mukukwanira. Koma gawo lomwelo likuti wogwira ntchito m'boma atule pansi udindo kuti aime. Lamuloli lili ndi cholinga chabwino, choti ntchito za boma zisasanduke za chipani, koma taonani amene limamupweteka. Mwini magalimoto onyamula katundu satseka bizinesi yake akamachita kampeni. Inu muyenera kusiya choko ndi malipiro a mwezi, osadziwa ngati mudzapambane. Namwino ndi mlangizi wa zaulimi chimodzimodzi. Anthu atatu amene mwawatchula aja amagwa pasefa yoyamba yomweyi.

Sefa yachiwiri ndiyo yaikulu, ndipo anthu ambiri saiyang'ana: chisankho chachipulula. Dziko lathu lili ndi madera amene chipani chimodzi chinazika mizu, MCP m'madera ambiri a pakati, DPP kumaboma monga Thyolo, Mulanje ndi Phalombe. Kumeneko wopambana chipulula amakhala atayenda kale gawo lalikulu la ulendo. Ndiye funso n'lakuti, amavota pachipulula ndani?

Ndinaonererapo chipulula cha chipani china pabwalo la sukulu. Tinafika 8 koloko m'mawa, koma pofika masana kuvota kunali kusanayambe chifukwa panali mindandanda iwiri ya nthumwi. Gavanala wa dera anali ndi wake, akuluakulu ochokera kulikulu anabwera ndi wawo wokhala ndi maeliya ena amene anthu ankati sanawamvepo. Malole awiri anatsitsa amayi ovala zitenje zatsopano, zopindika mizere ya m'sitolo ikuonekabe. Atagwirizana movutikira, opikisana anaimikidwa kutsogolo atatembenuka, ndipo nthumwi zinauzidwa kuti aliyense aime kumbuyo kwa munthu amene akumufuna. Ndinaona bambo wina wachikulire ataima pakati, akuyang'ana mzere uwu ndi uwo. Mzere umodzi unali wa mphunzitsi wopuma amene ankapemphera naye mpingo umodzi. Winawo unali wa munthu amene anamugulira malata. Anakaima kwa wamalata, nkhope ili pansi. Bambo uja sindimamuweruza. Voti yoimirira pamzere, aliyense akuona, si voti ya mtima wa munthu.

Zipani zathu zambiri zilibe kaundula wodalirika wa mamembala. Popanda kaundula, amene ali ndi mphamvu yolemba mndandanda wa nthumwi ndiye amasankha phungu. Shado, kapena kuti wofuna kudzaimira chipani pa uphungu, amene ali ndi ndalama amayamba zaka ziwiri kapena zitatu chisankho chisanafike, kudyetsa makomiti a maeliya, kugula makaka a chipani, kulipira galimoto. Nthawi zina likulu limangodzoza munthu wake, chipulula osachitika. Zotsatira zake zimaoneka pa chiwerengero cha aphungu oima paokha. Mu 2014 anapambana 52 mwa mipando 193, kuposa chipani china chilichonse. Mu 2019 anapambana 55. Ambiri mwa amenewa si anthu opanda chipani. Ndi anthu amene anaona kuti aberedwa pachipulula, n'kupita kwa anthu mwachindunji, anthu n'kuwavomera. Apa ndiye pali umboni woti ovota si ogona: akapatsidwa mpata amakonza zimene chipani chalakwitsa.

Tsopano ndalama. Kafukufuku amene a Michael Wahman anachita pa chisankho cha 2019 anapeza kuti wopikisana pa uphungu ankawononga pafupifupi K15 miliyoni, ndipo amene anapeza mavoti ooneka ankawononga pafupifupi K27 miliyoni, kuposa malipiro a phungu a chaka chonse panthawiyo. Ndalama yongoperekera zikalata ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC inali K500,000 kwa abambo ndi K250,000 kwa amayi mu 2019, ndipo mu 2025 inafika K2.5 miliyoni kwa abambo, amayi theka lake. Ndalama zimene boma limapereka ku zipani zopeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo khumi zimathera kulikulu, wopikisana amadzionera yekha. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa mphatso zonyengerera ovota, koma mkulu woyang'anira zipani, amene amayenera kulilondoloza, anadzasankhidwa patapita zaka zingapo.

Ndalama sizithera pa kampeni. Phungu wa kuno amadzuka m'mawa n'kupeza anthu pakhonde: wina akufuna bokosi la maliro, wina fizi ya mwana wa sekondale, wina galimoto yotengera wodwala kuchipatala. Anthu sapempha izi chifukwa cha umbombo. Amapempha chifukwa ambulansi ya boma ilibe mafuta. Koma chinanso chinachitika chimene chinakulitsa vutoli. Makhansala amene anasankhidwa mu 2000 anatha nthawi yawo mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho chapatatu cha 2014. M'zaka zimenezo, kuyambira 2006, kunabwera thumba la chitukuko cha m'madera la CDF. Phungu anasanduka womanga milatho ndi wokumba mijigo, ntchito yopanga malamulo ndi kuyang'anira boma n'kutsalira m'mbuyo. Kusowa kwa makhansala kunathyolanso makwerero. M'maiko ambiri munthu wamba amayamba ukhansala, anthu n'kumuona ntchito zake, kenako n'kukwera. Ife kwa zaka pafupifupi 9 tinalibe poyambira pamenepo, ndipo malo anatsala a anthu otsika ndi galimoto kuchokera ku Lilongwe ndi Blantyre.

Popeza palibe thumba lokwanira maliro onse a dera, aphungu ambiri amaluza. Mu 2009 ndi 2014 pafupifupi atatu mwa anayi alionse sanabwerere. Munthu wodziwa kuti mwina ali ndi zaka zisanu zokha, ngongole za kampeni zili pakhosi, amayang'ana njira yachidule yobwezera. Njira imeneyo ndi unduna. Gwirani mfundo imeneyi, tibwererako.

Kavotedwe kathu nakonso kali ndi mbali yake. Dera lililonse limatulutsa phungu mmodzi, ndipo wopeza mavoti ambiri ndiye wapambana ngakhale atapanda kufika theka. Lamulo la 50+1, loti wopambana apeze mavoti oposa theka, limakhudza mtsogoleri wa dziko yekha. Chipani chikakhala ndi mpata umodzi wokha m'dera, chimaopa kuyesa munthu watsopano, chimathamangira amene angadzilipirire. Amayi ndiwo amavutika kwambiri. Mu 1994 analipo 10 mwa aphungu 177. Mu 2009 anapitirira 40, mu 2014 anatsika kufika 32, mu 2019 anakweranso kupitirira 40, chaka chimene mayi Catherine Gotani Hara anakhala Sipikala woyamba wamkazi. Kukwera ndi kutsika kumeneku kukusonyeza kuti kampeni ya 50:50, yofuna kuti amayi ndi abambo achuluke mofanana m'maudindo, imadalira mphepo ya chaka chimenecho, ilibe lamulo loigwiriziza. Ku Rwanda mipando 24 mwa 80 inasungidwira amayi. Ku South Africa anthu amavotera chipani, ndipo mipando 400 imagawidwa molingana ndi mavoti kuchokera pamndandanda, kotero chipani chikafuna chimangosinthanitsa maina, mayi, bambo, mayi, bambo. Kuno bungwe lounika malamulo linapereka maganizo mu 2017 oti boma lililonse mwa maboma 28 likhale ndi mpando wa mayi, koma maganizowo sanasanduke lamulo. Njira ya mndandanda sindiitamanda mopanda malire, chifukwa imapereka mphamvu zambiri kwa olemba mndandandawo, ndipo zipani zathu taziona kale mmene zimachitira ndi mindandanda.

Pali khomo limodzi limene linamangidwira anthu onga inu, koma linagumulidwa lisanatsegulidwe. Malamulo a 1994 anali ndi nyumba yachiwiri, Senate, ya anthu 80: oimira maboma, mafumu, komanso oimira magulu monga amayi, aulumali, azamaphunziro, azaumoyo, alimi, mabungwe a ogwira ntchito ndi azipembedzo. Nyumbayi sinakhalepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo aphungu anaichotsa mu 2001. Gawo 64, limene linkalola anthu kuchotsa phungu wawo nthawi isanakwane, linachotsedwa kale mu 1995. Zonse ziwiri anachotsa ndi anthu amene zikanawachepetsera mphamvu, ndipo izi zimandipweteka mpaka lero.

Tibwere ku funso lanu la nduna. Gawo 94 limapatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu yosankha nduna kuchokera m'Nyumba ya Malamulo kapena kunja, ndipo Nyumbayo siifunsidwa kuti ivomereze. Malamulo sanenanso kuti nduna zisapitirire zingati. Ku Zambia nduna zimachokera mwa aphungu. Ku Kenya, kuyambira malamulo a 2010, nduna siikhala phungu, Nyumba ya Malamulo imayamba yaifunsa mafunso isanaivomereze, ndipo chiwerengero chili ndi malire. Ku South Africa pulezidenti angatenge anthu awiri okha kunja kwa Nyumba. Ife tinatenga mbali zonse zopatsa mtsogoleri ufulu, n'kusiya zomumanga.

Ufulu umenewu uli ndi ubwino wake. Ndi umene unalola a Bingu wa Mutharika mu 2004 kupereka unduna wa zachuma kwa a Goodall Gondwe, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku IMF, ndipo pofika 2006 dziko linakhululukidwa ngongole zambiri zakunja. Koma taganizani za mtsogoleri amene wapambana upulezidenti, aphungu ake osakwana theka. Bajeti iyenera kudutsa. Ali ndi chiyani m'manja? Mipando ya unduna. Izi zinayamba pachiyambi pomwe. Mu 1994 UDF inapeza mipando 85 mwa 177, MCP 56, AFORD 36. Pasanathe chaka, malamulo anasinthidwa kuti pakhale wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti, udindo n'kupita kwa a Chakufwa Chihana, aphungu ena a AFORD n'kukhala nduna. Pofika 2003 nduna ndi achiwiri awo a a Bakili Muluzi anafika 46.

A Bingu atatuluka mu UDF mu Febuluwale 2005 n'kuyambitsa DPP, chipanicho chinalibe phungu ndi mmodzi yemwe wosankhidwa pa dzina lake, koma posakhalitsa mbali ya boma inadzaza. Gawo 65 limati phungu wosiya chipani chimene chinamulowetsa n'kulowa china ataye mpando. Khoti lalikulu la apilo linatsimikiza mu 2007 kuti gawoli ndi lovomerezeka, koma ziletso za kukhoti zinamanga manja Sipikala, bajeti n'kuchedwa miyezi, mpaka nthawi ya Nyumbayo inatha. A Bingu atamwalira mu Epulo 2012, mayi Joyce Banda, amene DPP inawachotsa mu Disembala 2010, analumbira, ndipo m'masabata ochepa aphungu ambiri anali atavala lalanje la PP, chipani cha mayi Banda. Oima paokha aja ndiye amasamuka momasuka, popeza mawu a gawo 65 amanena za phungu amene anasankhidwa ali membala wa chipani. Ndiye mukaona nkhope imodzi m'maboma atatu otsatizana, dziwani kuti malamulo athu amalipira bwino luso losamuka pa nthawi yake kuposa luso lodziwa ntchito ya undunawo. Mtsogoleri amafuna mavoti m'Nyumba ndiponso munthu wa m'chigawo chakutichakuti, phungu amafuna galimoto ya boma ndi njira yobwezera ngongole, awiriwa n'kukumana.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pamenepa ndi Nyumba ya Malamulo yeniyeniyo. Phungu amene akuyembekeza foni yochokera kunyumba ya boma safunsa mafunso ovuta m'komiti. Nyumba imene inayenera kuyang'anira boma imasanduka pamalo podikirira unduna.

Pamwamba penipeni, pa mpando wa pulezidenti, khomo ndi lopapatiza koposa. Chipani chimadalira thumba la mtsogoleri wake, choncho konvenshoni kawirikawiri imangodinda chidindo. A Muluzi, bilu yowalola kuimanso italephera mu 2002, anadzoza a Bingu. DPP inapita kwa mng'ono wa a Bingu, a Peter Mutharika, UDF kwa a Atupele Muluzi, AFORD kwa a Enock Chihana. Obwera kuchokera kunja kwa ndale alipo, koma amafika atapanga kale dzina kwina: a Lazarus Chakwera anachokera ku utsogoleri wa mpingo wa Assemblies of God n'kupambana konvenshoni ya MCP mu 2013, a Saulos Chilima anachokera ku Airtel mu 2014. Wachiwiri kwa pulezidenti amasankhidwa limodzi ndi pulezidenti ndipo sangachotsedwe monga mmene nduna imachotsedwera, koma amatengedwa pofuna mavoti a chigawo kapena gulu lina, osati chifukwa awiriwo amamvana. N'chifukwa chake a Malewezi, a Chilumpha, mayi Banda, a Kachali ndi a Chilima onse anasemphana ndi mabwana awo. Chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020, chimene chinathetsa chisankho cha 2019 n'kukhazikitsa 50+1, chinali chabwino, ndipo ndimachiikira kumbuyo. Komabe chinabweretsa chatsopano: zipani zimafunika migwirizano, ndipo mipando imayamba kulonjezedwa anthu asanavote. Mgwirizano wa Tonse unali wa zipani 9, ndipo nduna 31 zimene zinalengezedwa mu Julayi 2020 zinadzutsa mkwiyo chifukwa munali apabanja ndi apachibale.

Mukanandifunsa choyamba kukonza, ndikanati chipulula. Lamulo likakamize chipani chilichonse cholandira ndalama za misonkho kukhala ndi kaundula wa mamembala, kulengeza mndandanda wa ovota pachipulula milungu ingapo tsiku lisanafike, ndi kuvota mwachinsinsi. Kenako chiwerengero cha nduna chikhale ndi malire, ndipo wosankhidwa aliyense akaonekere ku komiti ya Nyumba ya Malamulo monga amachitira akazembe. Ndikanakondanso kuti wogwira ntchito m'boma wa m'munsi, monga mphunzitsi kapena namwino, azipatsidwa tchuthi chosalipidwa pa nthawi ya kampeni m'malo motula pansi udindo. Zonsezi zimafuna mavoti a aphungu amene ukonde wapanowu unawakomera, choncho sizidzachitika popanda mipingo, mabungwe a aphunzitsi ndi mabungwe ena kukankha, ngati mmene anakankhira mu 1992 ndi mu 2019.

Za inuyo, Mayi. Musathamangire kusiya ntchito. Yambani mwapita ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu mukafunse mmene kutula pansi udindo kungakhudzire penshoni yanu, popeza zaka 19 si zotaya, ndipo kumbukirani kuti mukadali pantchito ya boma malamulo sakulolani kuchita ndale za chipani poyera. Zimene mungachite panopa ndi kugwira ntchito m'makomiti a chitukuko, VDC ndi ADC, m'komiti ya sukulu, mumpingo ndi m'mabanki a m'mudzi, kumene anthu angaone mmene mumasungira ndalama za gulu. Ganiziraninso zoyamba ndi ukhansala. Wodi ndi yaing'ono, mungaizungulire panjinga, ndalama yoperekera zikalata ndi yochepa, ndipo makolo a ana amene mwawaphunzitsa zaka zonsezi ali momwemo. Nthawi ikadzakwana yosankha chipani, musadzafunse za mtundu wa chitenje poyamba. Mudzapemphe malamulo a chipulula olembedwa, mudzafunse kuti maeliya a m'dera lanu alipo angati, apampando ake ndani, ndiponso mndandanda wa nthumwi amasunga ndani. Akadzakana kukuonetsani, khomo loima panokha ndi lotsegula, ndipo mafomu ake mumakatenga ku ofesi ya MEC ya kukhonsolo yanu.